Mukufuna kuchepetsa thupi? Yambani mwapimitsa musanatulutse ndalama

Kale munthu wa kuno ku Dedza akabwerako ku Lilongwe kapena ku Joni atanenepa, abale ankamulandira ndi nthungululu. Thupi linali umboni woti kumene adapitako zinthu zikuyenda. Mayi akanenepa, anthu ankayamika mwamuna wake kuti amadziwa kusamala banja. M'zaka za m'ma 1990, pomwe Edzi inkapulula anthu mankhwala otalikitsa moyo asanabwere, kuonda kudasanduka chinthu chochititsa mantha. Munthu akangotsika thupi pang'ono, amiseche ankayamba kunong'onezana.

Maganizo amenewa sadatheretu. Koma pambali pake pabwera nkhawa ina. Aphunzitsi, anamwino, amayi a geni, madalaivala ndi akuluakulu a mipingo ambiri tsopano akudandaula za maondo, kupuma mwawefuwefu pokwera kamtunda, BP ndi shuga. Ena achipatala adawauza kale kuti achepetse thupi. Funso limene amatuluka nalo m'chipinda cha dokotala ndi lakuti: nanga thandizo lake ndikalipeza kuti?

Pomwe pali funso lotere, amalonda sachedwa. Pa WhatsApp ndi pa Facebook padzaza matiyi, makofi, mapilisi ndi malamba omanga pamimba. Tsiku la msika simulephera kumva wina akulengeza pa chimkuzamawu za mankhwala "osungunula mafuta". Ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza boma, kuli makiliniki olonjeza thupi latsopano pa mwezi umodzi. Apa munthu akhoza kutaya ndalama za fetereza wa chaka chonse, ndipo akachita tsoka akhoza kutaya impso zake.

Langizo langa ndi limodzi. Malo abwino opezera thandizo amayamba akupimani ndi kukufunsani mafunso. Malo amene amayamba ndi kukuuzani mtengo wa botolo, achokereni.

Vutoli lafika ndi kumudzi komwe

Ena amaganiza kuti kunenepa ndi nkhani ya mabwana a m'tauni. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa mu 2015-16 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno ankalemera mopitirira muyezo. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, yemwe adachitika mumzinda wa Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adapeza vutoli mwa amayi 44 pa 100 alionse a m'tauni ndi 27 pa 100 alionse a kumudzi. Kwa abambo chidali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Kumbali ya BP, kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Chomvetsa chisoni n'choti kafukufuku yemwe uja wa 2015-16 adapezanso kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Choncho m'nyumba imodzi mukhoza kupezeka mwana wosakula bwino ndi mayi wolemera mopitirira. Onse awiri akukhuta, koma mbale yawo ndi ya nsima yambiri ndi ndiwo zochepa.

Kuno ku Dedza tili ndi zathu zotikokera. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kumaitana tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi. Mbatata ya kachewere, yomwe ndi chuma chathu, ambiri timaidya itasambira m'mafuta pa chiwaya. Mtunda umene makolo athu ankayenda pansi kuchokera ku Bembeke kapena ku Kasina, lero timakwera njinga yamoto ya kabaza. Palibe choipa pa kabaza, koma thupi limawerengera zonse.

Poyambira ndi pa sikelo

Musanapite kutali, tengani buku lanu la kuchipatala mupite pa chipatala chomwe muli nacho pafupi. Pa chipatala chachikulu cha boma pa Dedza komanso pa zipatala zing'onozing'ono za boma monga Lobi, Mayani ndi Kaphuka, thandizo ndi laulere. Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, monga Mua, Mtendere ndi Nkhoma kwa amene ali kufupi ndi malire a Lilongwe, zimalipiritsa. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi masiku oonera anthu a BP ndi shuga, ndipo kumeneko ndi komwe kuli achipatala ozolowera nkhani ya thupi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akhoza kukuuzani tsiku lake.

Pemphani kuti akupimeni zinthu zinayi: kulemera pamodzi ndi msinkhu, kukula kwa mimba, BP, ndi shuga wa m'magazi. Zonse azilembe m'buku.

Kulemera kokha sikunena zambiri, chifukwa makilogalamu 80 a munthu wamtali si ofanana ndi a munthu wamfupi. N'chifukwa chake achipatala amawerengera nambala yotchedwa BMI. Amachulukitsa msinkhu wanu ndi msinkhu womwewo, kenako n'kugawa kulemera kwanu ndi yankholo. Mwachitsanzo, mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 80: 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56, ndipo 80 kugawa ndi 2.56 ndi 31. Nambala ya pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndiyo yabwino. Kuyambira 25 ndiye kuti mwapitirira muyezo, ndipo kuyambira 30 ndiko kunenepa komwe achipatala amakuona ngati matenda.

Mimba nayo imapimidwa ndi tepi ngati ya telala, chifukwa mafuta a pamimba ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi matenda a mtima. Mayi akapitirira masentimita 88, kapena bambo akapitirira 102, chiopsezo chimakhala chachikulu. Abambo ambiri a miyendo yoonda koma a chimimba amadziona ngati alibe vuto. Tepi imawauza zina.

Nthawi zina pa chipatala chaching'ono mumapeza kuti zipangizo zopimira shuga zatha. Musagwe ulesi n'kukagula tiyi wa pamsika. Pemphani akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu.

Kunenepa kuli ndi zifukwa zake

Wachipatala wodziwa ntchito amafunsa kuti thupi lidayamba liti kukwera, ndipo mukumwa mankhwala anji. Mafunso awa si ongotayitsa nthawi.

Kuyambira mu 2019, anthu ambiri omwe amamwa ma ARV m'dziko muno adawasinthira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ndi mankhwala amphamvu polimbana ndi kachilombo, koma kafukufuku adaonetsa kuti ena, makamaka amayi, amanenepa nawo. Jakisoni wolera wa Depo-Provera amawonjezeranso thupi mwa amayi ena. Chimodzimodzi mapilisi a prednisolone ndi dexamethasone akamwedwa nthawi yaitali, komanso mankhwala ena a khunyu ndi a matenda a maganizo. Ngati mukukayikira mankhwala anu, kakambiraneni ndi amene adakupatsani. Osasiya nokha, makamaka ma ARV. Kusiya ma ARV pofuna kuchepetsa thupi kuli ngati kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Palinso kutupa komwe anthu amakuyesa kunenepa. Mapazi, nkhope kapena mimba zikamatupa, akhoza kukhala madzi obwera chifukwa cha vuto la mtima, impso kapena chiwindi. Kwa ena chithokomiro chimagwira ntchito mwaulesi, thupi n'kumangokwera. Munthu wotere akamwa tiyi wochepetsa thupi amangochedwetsa thandizo.

Mbali inayo ndi yofunikanso. Ngati mukuonda musanasinthe chilichonse pa kadyedwe, musasangalale. Kuonda kosadziwika bwino kukhoza kukhala chizindikiro cha shuga, TB, HIV kapena khansa. Thamangirani kuchipatala.

Zimene zili m'mabotolo

Matiyi ambiri ochepetsa thupi amagwira ntchito potsegula m'mimba kapena pokodzetsa. Munthu akathamangira kuchimbudzi masiku atatu, sikelo imatsikadi, koma chomwe chachoka ndi madzi. Mafuta amakhala ali pomwepo, ndipo akangomwa madzi sikelo imabwerera. Akapitiriza kwa miyezi, mchere wofunika m'magazi umachepa, mtima umayamba kugunda mosalongosoka ndipo impso zimatopa. Ena amafika pogula mapilisi okodzetsa a anthu odwala mtima, monga furosemide, popanda kalata ya dokotala. Uku n'kusewera ndi moyo.

Mawu oti "zachilengedwe" kapena "zazitsamba" asakugonetseni tulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 a ku Belgium adawonongeka impso atamwa mapilisi azitsamba ochepetsa thupi omwe ankalandira pa kiliniki ina mumzinda wa Brussels. Ambiri adafika pofuna makina otsuka magazi kapena kuikidwa impso ina, ndipo ena pambuyo pake adadwala khansa ya njira ya mkodzo. Izi zidachitika ku Ulaya, pa kiliniki ya madokotala. Nanga ife a ku Dedza, omwe makina otsuka magazi a boma apafupi ali ku Kamuzu Central ndipo odikira ndi ambiri?

Palinso mankhwala otchedwa sibutramine. Ankagwiradi ntchito yochepetsa chilakolako cha chakudya, koma mu 2010 adachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America atapezeka kuti amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Kuchokera nthawi imeneyo, mabungwe oona za mankhwala m'maiko osiyanasiyana akhala akuwapeza atabisidwa m'makofi ndi m'mapilisi olembedwa kuti ndi azitsamba. Munthu wa BP yemwe sakudziwa kuti ali nayo ndi amene angavulale msanga. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mankhwala enieni ochepetsa thupi alipo, ndipo si bwino kuwabisa. Orlistat amatchinga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta a m'chakudya kuti asalowe m'thupi. Amachotsa makilogalamu ochepa chabe, ndipo munthu akadya zonona amatsegula m'mimba chimbudzi cha mafuta. Omwe atchuka kwambiri masiku ano ndi jakisoni wa semaglutide, wobaya kamodzi pa sabata, yemwe kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark imagulitsa m'dzina la Ozempic kwa odwala shuga ndi Wegovy kwa ofuna kuchepetsa thupi. Pa kafukufuku yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2021, anthu obaya jakisoniyu adatsika ndi pafupifupi makilogalamu 15 pa 100 alionse a thupi lawo m'masabata 68. Koma atasiya kubaya, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zomwe adataya zidabwerera chisanathe chaka.

Tanthauzo lake n'loti jakisoniyu si wa mwezi umodzi. Ndi wodula kwambiri, amafuna kusungidwa mu firiji, amachititsa nseru ndi kusanza mwa anthu ambiri, ndipo sayenera kwa mayi woyembekezera. Mu Juni 2024 bungwe la WHO lidachenjeza kuti jakisoni wachinyengo wa Ozempic adapezeka ku Brazil, ku United Kingdom ndi ku United States. Ngati wachinyengo adalowa m'maiko amenewo, kuli bwanji wobwera m'chikwama cha munthu pa basi, atayenda masiku awiri pa dzuwa? Ngati dokotala wovomerezeka waona kuti mukufunikira mankhwalawa ndipo thumba lanu lingakwanitse kwa nthawi yaitali, imeneyo ndi nkhani ina. Koma asakhale ogula pa foni.

Opaleshoni yochepetsa chifu iliponso, ndipo ena amakaipangitsa ku South Africa kapena ku India. Ndi ya anthu onenepa mopitirira kwambiri, ndipo imafuna kuonedwa ndi achipatala moyo wonse. Malamba omanga pamimba, mafuta opaka ndi makina ogwedeza thupi sasungunula mafuta, amangotulutsa thukuta.

Kiliniki yabwino imadziwika bwanji?

Si kulakwa kupita ku kiliniki yolipira. Ambiri amatero pothawa mizere, ndipo m'makiliniki ambiri muli anthu odziwa ntchito. Koma safunsa adadya phula.

Choyamba, yang'anani pakhoma. Dokotala, kilinikala ndi kiliniki imene akugwiramo ntchito ayenera kukhala ovomerezedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Anamwino ali ndi bungwe lawo la Nurses and Midwives Council of Malawi. Malo ogulitsira mankhwala, pamodzi ndi mankhwalawo, amavomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, lomwe lidalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Wogwira ntchito mwachilungamo sakwiya mukapempha kuona chiphaso chake. Jasi loyera aliyense akhoza kusoketsa kwa telala.

Chachiwiri, onani zomwe akuchita musanalipire mankhwala. Kodi akupimani BP ndi shuga? Akufunsani ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa? Atsegula buku lanu kuona mankhwala omwe mukumwa kale? Ngati aliyense wolowa pakhomopo akutuluka ndi botolo lofanana, pamenepo ndi pa golosale.

Chachitatu, funsani dzina la mankhwala. Muli ndi ufulu wodziwa chimene chikulowa m'thupi mwanu. Botolo lizikhala ndi dzina la mankhwala, zomwe zili m'katimo, kampani yopanga ndi tsiku lothera mphamvu, m'chilankhulo choti wina pakhomo panu angawerenge. Ife tili m'malire ndi Mozambique ndipo katundu amalowa ndi njira zambiri. Mapilisi a m'kapepala kopanda dzina, ngakhale atchipe bwanji, asiyeni. Funsaninso mavuto omwe mankhwalawo angabweretse. Wokuuzani kuti alibe vuto lina lililonse mwina sakuwadziwa, kapena akukubisirani.

Chachinayi, mvetserani lonjezo. Kutsika kwabwino ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Wolonjeza makilogalamu 10 pa masabata awiri akukugulitsani kutsegula m'mimba. Chenjeraninso ndi amene akukuuzani kuti musiye mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, komanso amene akukukopani kuti nanunso muyambe kugulitsa katunduyo kwa anzanu a ku banki m'khonde kuti mupeze phindu.

Chachisanu, funsani mtengo wa thandizo lonse, osati wa botolo loyamba lokha, ndiponso tsiku lomwe mudzabwerenso kudzapimidwa. Kiliniki yosakupatsani tsiku lobwerera ilibe chidwi ndi zomwe zidzakuchitikireni.

Akatswiri a za kadyedwe ka odwala akadali ochepa m'dziko muno, ngakhale sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda idayamba kuwaphunzitsa. Ngati muli ndi shuga, vuto la impso kapena BMI yokwera kwambiri, funsani achipatala ngati angakutumizeni kwa mmodzi wa iwo ku Kamuzu Central, komwe odwala a m'chigawo chapakati amatumizidwa.

Thandizo lalikulu lili m'dimba

Chomwe achipatala abwino adzakuuzeni sichikoma m'khutu ngati malonda a pa foni, koma ndi chopepuka kuposa mmene ambiri amaganizira. Simufunika kubwerera pa thupi la pa ukwati wanu. Kutsika ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse a thupi lanu kumathandiza kale BP, shuga ndi maondo. Kwa mayi wa makilogalamu 80 uja, amenewo ndi makilogalamu 4 mpaka 8 basi, pa miyezi isanu ndi umodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nsima sikuti muisiye. Chepetsani mitanda, ndipo ngati n'kotheka ikhale ya mgaiwa. Theka la mbale likhale masamba. Apa ife a ku Dedza tilibe chonamizira, chifukwa kabichi, mpiru, tomato ndi nyemba zomwe anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaimitsira galimoto m'mbali mwa msewu wa M1 zimachokera m'madimba mwathu. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha. Usipa umakwera kuchokera kunyanja kudzera ku Mtakataka ndi Golomoti. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi amaphunzitsa ku sikelo ya ana ndi a akuluakulu omwe.

Kachewere si mdani. Wowiritsa ndi chakudya chabwino. Koma akakazingidwa kukhala tchipisi kapena zigege, mphamvu yonenepetsa imachuluka pafupifupi katatu chifukwa cha mafuta omwe wamwa. Shuga nayenso muwerengereni. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni a tiyi pafupifupi 12 pa tsiku, pomwe botolo limodzi la chakumwa chozizira likhoza kukhala ndi masupuni 7 kapena 8. Onjezerani makapu atatu a tiyi a masupuni atatuatatu ndi thobwa lotsekemera, muona nokha. Mowa, kaya wa m'botolo kaya wa masese, umanenepetsanso, makamaka ukayenda ndi kanyenya. Mchere usapitirire supuni ya tiyi imodzi pa tsiku, chifukwa cha BP.

Pa zolimbitsa thupi, muyezo ndi mphindi 150 pa sabata, kutanthauza kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu. Mlimi amene amagwira khasu amakwanitsa kale zimenezi. Vuto lili kwa ife okhala pa desiki, pa kauntala ndi pa chiwongolero. Sitifunika nyumba yochitira masewero yolipira. Tili m'tsinde mwa phiri lotalika pafupifupi mamita 2 200, ndipo njira iliyonse ya pa boma ili ndi kamtunda kake. Koma amene ali ndi BP yokwera kwambiri kapena amamva kupweteka pachifuwa ayambe waonana ndi achipatala asanalimbane ndi phiri.

Chotsalira ndi pakamwa pathu. Mnzathu akayamba kutsika thupi mwadala, tisayambe kumufunsa ngati akudwala, kapena kunyoza mkazi wake kuti sakumuphikira. Apongozi asakakamize mtengwa kuonjezera mtanda poopa kuti anthu anena kuti akuzunzika. Ambiri amasiyira panjira chifukwa cha mawu a abale, osati chifukwa cha njala. Ndipo wonenepa tisamuseke, chifukwa manyazi ndi amene amathamangitsira anthu kwa ogulitsa mankhwala mobisa, m'malo mopita kuchipatala masana dzuwa likuswa mtengo.

Sabata ino, funsani tsiku lomwe amaona anthu a BP ndi shuga pa chipatala chanu. Pitani m'mawa musanadye kanthu kuti shuga apimike bwino, ndipo manambala anayi aja alembedwe m'buku. Mukadzakumana ndi wogulitsa botolo, mudzamuonetse bukulo n'kumufunsa kuti mankhwala akewo achita chiyani pa manambala amenewo. Wodziwa ntchito adzakhala pansi n'kuliwerenga.